Sukulu ya Mountain Road ndi Ciyambi ca Aphunzitsi a Jeanes

Dzina lakuti Jeanes ndi lodziwika m'mbiri ya maphunziro a dziko lathu cifukwa ca sukulu ya ku Domasi, koma ndi owerengeka amene adziwa kuti nchito imeneyi inayambira m'kasukulu ka cipinda cimodzi ku Amereka. Mbiri ya kasukuluko iyenera kudziwika ndi ali yense wokonzekera uphunzitsi, pakuti itiphunzitsa kuti kukhoza kwa ana sikungaweruzidwe bwino tisanadziwe kuti anawo ndi a yani, ndipo acokera m'nyumba zotani.

Ukapolo unatha ku Amereka m'caka ca 1865. Pamene cigawo ca Virginia cinayamba sukulu za Boma mu 1870, lamulo linati ana a Azungu ndi ana a anthu akuda aziphunzira padera. Sukulu za anthu akuda zinkalandira ndalama zocepa, nyumba zace zinali zacabe, ndipo aphunzitsi ace ankalipidwa pang'ono. Imodzi ya sukulu zotere inali Mountain Road, m'boma la Henrico, pafupi ndi mzinda wa Richmond. Kumeneko kunafika mphunzitsi wamkazi, Virginia Estelle Randolph, m'caka ca 1892. Iye mwini anabadwa kwa makolo amene kale anali akapolo.

Ana amene Mai Randolph anawapeza anali onse akuda, ana a alimi osauka ndi anchito aganyu. Akulu ndi ang'ono ankakhala m'cipinda comweco, pamaso pa mphunzitsi mmodzi. Makolo ambiri a m'badwo umenewo sanapatsidwe mwai wakuphunzira kuwerenga, cotero mwana sankapeza womthandiza kunyumba. Ndiponso m'midzi ya alimi mwana ndi dzanja la kumunda: nyengo yolima ndi yokolola ikafika, mipando ya m'sukulu imakhala yopanda anthu. Ife a kuno sitisowa wotifotokozera zimenezi.

Mai Randolph anaona kuti bvuto loyamba ndilo kukopa ana kuti abwere ndi kukhalitsa. Tsono anayamba ndi nyumba ya sukuluyo: anaiyeretsa, nakonza bwalo, nabzala maluwa. Anayendera makolo m'nyumba zao, nayambitsa Sande Sukulu pamalo pomwepo. Pamodzi ndi kuwerenga, kulemba ndi masamu, anaphunzitsa kusoka, kuphika, kupala matabwa ndi kulima dimba. Makolo ena anaipidwa nazo, nati iwo anatumiza ana ao kukaphunzira mabuku, osati nchito za manja zimene anazidziwa kale mu ukapolo. Mau ao tiwasunge, pakuti tidzakomana nawonso.

M'caka ca 1907 Anna T. Jeanes, mai wacuma wa mpingo wa Quaker ku Philadelphia, anapereka madola 1,000,000 kuti athandize sukulu zazing'ono za anthu akuda za m'midzi. Woyang'anira sukulu za ku Henrico, Jackson Davis, anali ataona nchito ya ku Mountain Road, ndipo mu 1908 anapempha thandizo la thumba limeneli kuti Mai Randolph aziyendera sukulu zina ndi kulangiza aphunzitsi anzace. Motero iye anakhala mphunzitsi woyamba woyendera wa Jeanes, nayang'anira sukulu 23. Njira yaceyo inachedwa Henrico Plan, ndipo inafalikira m'zigawo za kumwera kwa Amereka. Mu 1915 pamalo pomwepo panatsegulidwa Virginia Randolph Training School, kumene ana anapitiriza maphunziro apamwamba. Mai Randolph anapuma pa nchito mu 1949, namwalira mu 1958.

Nanga njirayi inafika bwanji kwathu? Mu 1924 nthumwi za Phelps-Stokes, motsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, pamodzi ndi Dr. James Aggrey wa ku Gold Coast, zinayendera maiko a kum'mawa ndi pakati pa Afrika, kuphatikizapo Nyasaland. Izo zinalimbikitsa maphunziro oyenerana ndi moyo wa m'mudzi. Sukulu ya Jeanes inatsegulidwa ku Kabete, m'dziko la Kenya, mu 1925. Kuno Boma linakhazikitsa Dipatimenti ya Maphunziro mu 1926, ndipo pofika 1929 sukulu ya Jeanes inali itayamba nchito ku Domasi, m'boma la Zomba, ndi thandizo la Carnegie Corporation. Aphunzitsi ankapita kumeneko ndi akazi ao, naphunzira za ukhondo, ulimi ndi kaphunzitsidwe, kuti akabwerera aziyendera sukulu za m'midzi. Mafumu nawonso ankaitanidwa ku maphunziro ao.

Komatu njirayi inali ndi otsutsa, ku Amereka ndi ku Afrika komwe. W. E. B. Du Bois anacenjeza kuti maphunziro a manja okha angathe kusunga anthu akuda pansi pa Azungu, ndipo ambiri mwa anthu ophunzira a kuno anali ndi nkhawa yomweyo. Nkhawa imeneyi ndi yomwe ija ya makolo a ku Mountain Road. Ndiponso khama la mphunzitsi mmodzi silikanatha kucotsa tsankho la m'malamulo. Tsankholo m'sukulu za Boma linatsutsidwa ndi bwalo lalikulu la milandu la ku Amereka mu 1954.

Inu amene mudzatumidwa ku sukulu zazing'ono, tengani mbali zonse ziwiri. Musanadandaule kuti ana sakhoza mayeso, yang'anani kaundula: ndani ajomba, m'miyezi iti, ndipo cifukwa ninji? Dziwani makolo, monga anacitira Mai Randolph. Koma umphawi wa mwana usakhale cifukwa comcepetsera maphunziro. Mwana wa mlimi ayenera kudziwa khasu, ndipo buku ndi masamu azipatsidwa kwa iye mokwanira monga kwa mwana wina ali yense.