Kumene Ana a Sukulu Anaphunzira za Dziko Lao

Masiku ano ana a m'sukulu za m'Zambia amaphunzira za unzika m'kalasi, nalemba mayeso ace. Kale sikunali tero. Nzeru zimenezi zinamera kunja kwa kalasi, pamalo pamene Boma la Azungu silinabzale.

Oyamba anali aphunzitsi. M'caka ca 1912 Donald Siwale ndi David Kaunda, amene anaphunzira ku misyoni ya Livingstonia, anayambitsa bungwe ku Mwenzo, kumpoto kwa dziko, kuti anthu akuda azikambamo madandaulo ao ndi kuwapereka ku Boma. Nkhondo ya 1914 inalifooketsa, koma linadzukanso mu 1923.

Mu 1939 Boma linatsegula sukulu ya Munali ku Lusaka, sekondale yoyamba ya ana akuda m'Northern Rhodesia. Boma linafuna makalaki ndi aphunzitsi, ndipo linawapezadi, koma linapezanso cina. Ku Munali Mngoni wa ku Fort Jameson anagona m'nyumba imodzi ndi Mlozi, Mtonga ndi Mbemba, anthu amene kwao sakadaonana konse. Pocezerana ndi potsutsana m'Cingerezi anazindikira kuti msonkho, citupa ndi tsankho la m'masitolo zinali kuwawa cimodzimodzi kwa onse. Mwana wa David Kaunda, Kenneth, anaphunzira komweko kuyambira 1941 kufikira 1943. Elijah Mudenda, Arthur Wina ndi John Mwanakatwe anadzeranso pakhomo lomwelo.

Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland citakhazikitsidwa mu 1953, kutsutsana kuja kunasanduka mkwiyo. Mu 1960, caka cimene bungwe la Lord Monckton linayendera dziko kufunsa za Citaganyaco, kunabuka cipolowe m'sukulu zingapo, monga ku Hodgson ndi ku Chalimbana. Ophunzira anakana kumvera, sukulu zinatsekedwa, ena nacotsedwa. Boma linaika Sir Walter Harragin kuti afufuze nkhaniyi, poiona ngati kusowa mwambo kwa ana.

Pano ndi bwino kuima pang'ono. Malo a ku sekondale anali ocepa koposa, ndipo makolo ambiri anagulitsa ng'ombe kapena cimanga kuti apeze ndalama za sukulu. Mnyamata wocotsedwa anabwerera kumudzi cimanjamanja, osadziwa ngati ufulu udzafika iye ali moyo. Si zonse anacita anyamatawo zinali zanzeru, koma sanali kusewera ai. Kucepa kwa ophunzira kunaonekera pa 24 October 1964, tsiku la ufulu: dziko lonse linali ndi anthu akuda ngati 100 okha a digiri ya ku yunivesite.

John Mwanakatwe anakhala Nduna ya Maphunziro yoyamba ya Zambia. Sukulu ya Hodgson, imene inatsekedwa mu 1960, inapatsidwa dzina latsopano la David Kaunda, mphunzitsi uja wa bungwe la ku Mwenzo.