Malume a ku Harare asasanduke "ankolo"

Tchuthi cha Disembala chikafika, mabanja ena amakwera basi ku Blantyre kupita ku Harare kukaona abale. Amatulukira pa chipata cha Mwanza, kudutsa Tete, kuwoloka Zambezi, kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, mpaka kukatsikira ku Mbare. Abale akukaonedwawo sanapite dzulo. Agogo awo anakagwira ntchito m'minda ya fodya ndi m'migodi nthawi ya atsamunda, ena m'zaka za Chitaganya, 1953 mpaka 1963, ndipo anachona komweko. Zidzukulu zawo lero zimalankhula Chishona tsiku lonse, Chichewa mwa apo ndi apo, ngakhale kuti malamulo aakulu a dzikolo a 2013 amachiwerengera pa zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma. Ana amenewa akamva kuti kukubwera alendo ochokera kumudzi, amatchera khutu kuti amve Chichewa chenicheni. Kodi timawapititsira chotani?

Nthawi zambiri timawapititsira "ankolo", "anti" ndi "kazeni". Mwana watsika basi, wapatsidwa dzanja ndi mchimwene wa amayi ake amene sanamuonepo chibadwire, ndiye akuti, "Muli bwanji ankolo?" Dzina lomweli waitanira kondakitala m'basi, waitaniranso mnyamata wosintha ndalama pa chipata. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa munthu wayima patsogolo pakeyo ndi malume, kapena kuti atsibweni. Kwa Achewa ameneyu ndiye mwini mbumba. Ndiye amadzakhala nkhoswe mwanayo akamadzalowa m'banja, ndiye amaitanidwa pakagwa mlandu kapena zovuta. Mchimwene wa bambo ndi munthu wina: ndi bambo aakulu kapena bambo aang'ono, ndipo ana awo ndi abale ako enieni, achimwene ndi achemwali. Mchemwali wa amayi ndi mayi aakulu kapena mayi aang'ono. Mlongo wa bambo ndiye azakhali. Ana a malume ndi ana a azakhali okha ndiwo asuweni, amene umaseleulana nawo popanda wokwiya. Mwana amene waphunzitsidwa kuti onsewa ndi "makazeni" sadziwa woti amuseleule ndi woti amuchitire manyazi.

Chochititsa manyazi n'chakuti eni dera sanataye zawo. M'nyumba za ku Mbare ndi ku Highfield mudzamva "tete", "mainini", "babamukuru", aliyense ndi malo ake. Pali msampha umodzi wofunika kuudziwa. Ashona amati "sekuru" kwa agogo aamuna, amateronso kwa mlongo wa amayi. Choncho mwana wobadwira kumeneko akafuna kutisangalatsa ndi Chichewa akhoza kutchula malume ake kuti agogo. Ameneyu ngofunika kumukonza mwachifundo, koma tingamukonze bwanji ngati ifeyo tabwera ndi "ankolo"?

Ulendo nawonso uli ndi mawu ake. Kwa abale amoyo timapita kukacheza kapena kukawaona. Kwa wodwala timakazonda. Kumene kunagwa maliro ife tili kutali timakapepesa. Wonena kuti "tinakavizita" watibisira chimene anayendera.

Tsono nthawi ya chakudya. Mayi wapakhomo amabwera ndi beseni ndi jagi ya madzi, kukusambitsani m'manja mmodzimmodzi, kuyambira wamkulu. Pambale pali sadza, pambali pake masamba amene amati muriwo une dovi. Mlendo wosafunsa akabwerera amafotokoza kuti, "Anatipatsa nsima ndi masamba otendera." Walakwa pang'ono, koma kulakwako kwamumana womvera nkhani yonse. Ife timatendera ndi nsinjiro, mtedza wouma wosinja mumtondo n'kusefa. Dovi ndi chiponde: mtedza amayamba aukazinga, kuupukusa makoko, kenako kuupera mpaka utulutse mafuta. N'chifukwa chake masamba awo amanunkhira mtedza wokazinga ndipo amakhala onona kuposa nkhwani wathu wotendera. Sadza nayonso itchulidwe sadza. Imaphikidwa ndi ufa wa chimanga, inde, koma amene anazolowera nsima ya ufa woyera, wa chimanga chokonola, choviika ndi kuyanika padzuwa, amamva kusiyana pa mbamu yoyamba. Chakudya cha eni chiitanidwe ndi dzina la eni, kenako tifotokoze m'Chichewa chathu kuti chikufanana ndi chiyani. Kumeneko ndiko kulemekeza amene anaphika.

Mayina ena amakomana okha. Derere ndi therere lathu lomwe. Mazhanje ndi masuku, nyimo ndi nzama, muboora ndi nkhwani. Ena amapusitsa chifukwa chofanana. Matemba a ku Zimbabwe si matemba a m'nyanja ya Chilwa, komanso si usipa. Ndi kapenta wa ku Kariba, nsomba imene mbewu yake inachokera ku nyanja ya Tanganyika. Madora si mphalabungu ayi, ndi mbozi zikuluzikulu zodya masamba a mtengo wa tsanya, zimene amaziumitsa n'kumagulitsa m'zitini pamsika. Zonsezi munthu amazilawa. Mawu akuti kulawa alipo, ndi okoma, ndipo sindikuona chimene "kutesita" kwabwera kudzawonjezera.

Wosamala chilankhulo chake amasamalanso cha anzake, ndiye amapewa ngozi. M'Chishona kutamba ndi kusewera kapena kuvina. Mayi akanena kuti ana ali panja akutamba, palibe zoopsa. Koma mawu amenewa asakwere nafe basi yobwerera, chifukwa mwana akadzauza agogo ake ku Ntcheu kuti usiku wonse anali kutamba ndi asuweni ake, mudzi wonse udzasonkhana. Chimodzimodzi gule wamkulu, amene machona anapita naye kumigodi ndi kuminda ndipo akuvinidwabe mpaka lero. Ashona amati zvigure, ndipo limenelo ndi dzina lawo. Ife pofotokoza kwathu tizinena kuti tinaona gule.

Wina anena kuti chilankhulo chimabwereka, ndipo n'zoona. Basi, pasipoti ndi tikiti tinabwereka chifukwa tinalibe. Malume tinali nawo kale, ndipo mdzukulu wa mtchona amene akufuna kudziwa kwawo sangawapeze kwina ngati sawamva pakamwa pathu.

Makolo amene mukukonzekera ulendo chaka chino, musanamange katundu khalani pansi ndi ana anu. Auzeni aliyense amene akakumane naye, kuti uyu ndi malume, awa ndi azakhali, awa ndi mayi aang'ono, ndipo muwayeseze kupereka moni ndi mayina amenewo asanakwere basi.