Akupingamnyama Phiri

Akupingamnyama Phiri adali Mchewa wa ku Kasungu, mayi ake a Hastings Kamuzu Banda, amene adakhala nduna yaikulu ya Nyasaland pa 1 Febuluwale 1963 ndipo kenaka adakhala mtsogoleri woyamba wa dziko la Malawi. Amuna awo adali a Mphonongo Banda. Mayiwa adakhala moyo wa kumudzi pa nthawi imene ulamuliro wa Angelezi unkakhazikika m'chigawo chapakati. Amakumbukika kwambiri pa nkhani ya mankhwala a mizu imene idabala dzina loti Kamuzu, komanso chifukwa choti abale a kuchikazi ndiwo adagwira dzanja mwanayo pa maphunziro ndi pa ulendo wake woyamba wa kunja.

Dzina ndi mfunda

M'mabuku dzinali limalembedwa kawirikawiri kuti Akupingamnyama, ena amalemba Akupinganyama. Kwa Mchewa, "A" wa kumayambiriroyo amamveka ngati wa ulemu uja timaika pa dzina la munthu wamkulu, ngakhale olemba Chingerezi adamuphatikiza ku dzina. Mfunda wawo udali Phiri, choncho pamudzi akadatha kuitanidwa kuti Naphiri, monga amaitanidwira amayi a mfunda umenewu mpaka lero.

Phiri ndi Banda ndiyo mifunda iwiri ikuluikulu m'mbiri ya Amaravi. Aphiri ndiwo ankagwira ufumu: Kalonga, Undi ndi mafumu ena ambiri adachokera ku mfunda umenewu, ndipo mayi wa ufumuwo, amene ana ake ndi adzukulu ake ankalowa pa mpando, ankatchedwa Nyangu. Abanda adali eni nthaka ndi eni miyambo yopempha mvula, monga ya Makewana ku Msinja, kufupi ndi Dzalanyama m'boma la Lilongwe. Mkazi wamkulu wa Kalonga, Mwali, ankachokera kwa Abanda. Ukwati wa Mphiri ndi Mbanda, ngati uwu wa Akupingamnyama ndi a Mphonongo, udali chinthu cha masiku onse pakati pa Achewa.

Kale mwana wa Chichewa ankatenga mfunda wa mayi ake. Mwambowu udasintha pang'onopang'ono, makamaka Angoni atafika, mpaka ana adayamba kutchulidwa ndi mfunda wa bambo. N'chifukwa chake mwana wa Naphiri adadziwika kuti Banda. Koma dzina lokha ndilo lidapita kuchimuna. Bele, munda, manda ndi ufumu zidatsalabe kuchikazi, ndipo potsata mwambo Kamuzu adali mwana wa kwa Aphiri.

Kasungu ya nthawi yawo

Akupingamnyama adakulira m'dziko la Mwase Kasungu, mfumu ya Achewa imene idadziwika chifukwa cha mfuti ndi malonda a minyanga ya njovu. Mwase adali mmodzi mwa mafumu ochepa a Achewa amene adalimbana ndi Angoni a kumpoto nawagonjetsa, pa nkhondo imene imakumbukika ndi dzina loti Nguru ya Nawambe. Patapita zaka zambiri Kamuzu adatcha nyumba yake ya ku Kasungu dzina lomweli.

Angelezi adalengeza kuti dzikoli lili m'manja mwawo mu 1891, koma Mwase sadawagonjere. Mu Disembala 1895 asilikali otsogozedwa ndi Alfred Swann adachokera ku Nkhotakota nathira nkhondo linga la Mwase. Mfumuyo idadzipha posafuna kugwidwa, ndipo Angelezi adamanga linga lawo lotchedwa Fort Alston. Poona chaka chimene Kamuzu adabadwa, zonsezi zidachitika mayiwa ali kale munthu wamkulu. Zotsatira zake zidalowa m'nyumba iliyonse: msonkho wa nyumba wolipira ndi ndalama, amuna kupita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia ndi ku Joni, komanso sukulu za mishoni. Mishoni ya Livingstonia idatsegula siteshoni yake ku Chilanga, kufupi ndi phiri la Kasungu, pansi pa Dr George Prentice. M'zaka za m'ma 1920 siteshoniyi idaperekedwa kwa amishoni a Dutch Reformed Church a ku Nkhoma.

Nkhani ya mizu

Nkhani imene olemba mbiri ya Kamuzu amagwirizana ndi yoti Akupingamnyama adakhala nthawi pa banja osaona mwana. Adapita kwa sing'anga amene adawapatsa mankhwala a mizu, ndipo atamwa adaima. Mwana atabadwa adamutcha Kamuzu, kutanthauza muzu waung'ono. Dzina lake lina la ubwana, Kamnkhwala, likunena zomwezo.

Wowerenga wa lero akhoza kuiona nkhaniyi ngati kanthano kokometsera mbiri ya munthu wotchuka, koma kwa mayi wa nthawi imeneyo idali nkhani yolemera. M'mudzi wa Achewa mtundu umapitirira kudzera mwa akazi. Mkazi akapanda kubereka, bele lake limathera pomwepo, alongo ake amasowa mbumba, ndipo iye mwini amakalamba wopanda womutungira madzi. Banja lopanda mwana silinkachedwanso kutha, chifukwa mkamwini alibe chomumangirira pamudzi pa eni ake. Kufuna mankhwala sikunali kwa mkazi yekha ayi: amayi ake, anamkungwi ndi ankhoswe onse ankalowererapo. Ndipo Achewa akamatcha mwana dzina amakonda kusungiramo zimene banja lidakumana nazo, monga timamvera maina a Mavuto, Maliro kapena Chikumbutso. Dzina la Kamuzu lili m'gulu lomweli. Lero lili pa bwalo la ndege, pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, pa bwalo la zamasewera ku Blantyre ndi pa misewu, koma chiyambi chake ndi vuto la mayi mmodzi wofuna mwana. Mwana wa mizuyo adadzakhala dokotala wa mankhwala a chizungu, ataphunzira ku Meharry Medical College ku America ndi ku Edinburgh.

Pa nthawiyo kumidzi kudalibe kaundula wa ana obadwa. Boma la Kamuzu lidakhazikitsa 14 Meyi 1906 ngati tsiku lake lobadwa, ndipo 14 Meyi ndilo tsiku la tchuthi cha Kamuzu. Philip Short, m'buku lake lotchedwa Banda la mu 1974, adaika kubadwako mu 1898. Chaka chimenechi ndicho chikugwirizana ndi zina zonse: mwana wobadwa mu 1906 sakadalemba mayeso olowera uphunzitsi mu 1915, kapena kuyenda pansi mpaka ku Southern Rhodesia ali ndi zaka 9. Kamuzu atamwalira mu 1997, chikalata cha imfa yake chidati adali ndi zaka 99.

Abale a kuchikazi

Kamuzu adayamba sukulu cha ku Mtunthama, pansi pa mtengo wa kachere, pafupi ndi pamene adadzamangapo Kamuzu Academy imene idatsegulidwa mu 1981. Kenaka adakakhala kwa agogo ake obereka mayi ake, komwe adaphunzira pa sukulu ya Chayamba. Dzina la Chayamba lidakalipo pa sukulu ya sekondale ya Chayamba ku Kasungu ndi pa nyumba yosanja ya Chayamba mumzinda wa Blantyre. Kuchokera uko adapita ku Chilanga, komwe Dr Prentice adamubatiza mu 1910, natenga dzina la Hastings.

Mwana kukakulira kwa agogo a kuchikazi sichachilendo. Pa chikamwini mwamuna ndiye amasamuka kukamanga kwa mkazi, ndipo ana amakhala a mudzi wa mayi. Wolamula pa za anawo ndi mlongo wa mayi, amene ku Lilongwe timati atsibweni, kwina amati malume. Ndiye nkhoswe ya mbumba, ndiye amaima pa milandu, pa ukwati ndi pa maliro. M'madera a Khongoni, Kabudula ndi Kalolo mwambowu ukuonekabe, ngakhale chitengwa, chimene mkazi amatengedwa kukakhala kwa mwamuna, chachuluka.

Pa banja la Akupingamnyama udindo umenewu udaonekera mwa Hanock Msokera Phiri, malume ake a Kamuzu. Iwowa adaphunzira ku Livingstonia, adaphunzitsa ku Kasungu, ndipo mphwawoyo adali mmodzi mwa ana awo a sukulu. Mu 1915 Kamuzu adatulutsidwa m'chipinda cha mayeso ku Chilanga pomuganizira kuti amaonera, pamene iye ankati adangoimirira kuti aone bwino pa bolodi. Womutulutsayo adali mmishoni T. Cullen Young. Zitatero adanyamuka wapansi kupita ku Southern Rhodesia, nakagwira ntchito pa chipatala cha ku Hartley, kumene lero kumatchedwa Chegutu. A Hanock adakhala naye limodzi kumeneko, ndipo mu 1917 onse awiri adapitirira ku South Africa kukagwira ntchito ku migodi. Uko adalowa mpingo wa African Methodist Episcopal. A Hanock adadzozedwa ubusa nabwerera ku Kasungu mu 1924 kukayambitsa mpingowo ku Mdabwi, pamene Kamuzu, mothandizidwa ndi mpingo womwewo, adapita ku America mu 1925.

Kuchokera pa ulendo umenewo Kamuzu sadapondenso pa Nyasaland mpaka pa 6 Julayi 1958, patatha zaka zoposa 40. Anthu otere ankatchedwa machona. Amayi ambiri a ku Kasungu, Dowa, Lilongwe ndi Mzimba adatsala choncho, ana atapita ku Halale kapena ku Joni, iwo n'kumalima okha ndi kusaka okha ndalama ya msonkho. Pa ichi Akupingamnyama sadasiyane ndi anzawo a m'badwo wawo.

Chilankhulo cha mayi ndi mphekesera

Atabwera mu 1958, Kamuzu ankalankhula Chingerezi pa misonkhano, wina n'kumatanthauzira. Pa otanthauzira odziwika padali John Msonthi, kenaka John Tembo. Izi, pamodzi ndi zaka zambiri zimene adakhala kunja, zidabala mphekesera yoti mwana weniweni wa Akupingamnyama adafera kunja ndipo amene adabwerayo adali mlendo wotchedwa Richard Armstrong. Nkhaniyi idafala kwambiri m'zaka za m'ma 1990, pa nthawi yolimbana ndi ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo ena amaikambabe.

Mphekeserayi siyenda bwino ikakumana ndi zolembedwa. Ali ku Chicago, Kamuzu ndiye adali mwini chilankhulo amene adathandiza Mark Hanna Watkins kulemba buku la A Grammar of Chichewa, losindikizidwa mu 1937, ndipo Chichewa cha m'bukumo ndi cha ku Kasungu. Ali ku Britain ankalemberana makalata ndi anthu a kwawo ndipo ankathandiza Nyasaland African Congress ndi ndalama. Cullen Young, uja adamutulutsa m'mayeso, adakumananso naye ku Scotland nagwira naye ntchito. Ali pa mpando ankadzudzula poyera kalankhulidwe ndi kalembedwe ka Chichewa kamene iye sankagwirizana nako, ndipo msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress wa mu 1968 udasintha dzina la Chinyanja kukhala Chichewa nuchisandutsa chilankhulo cha fuko. Olankhula Chitumbuka ndi zilankhulo zina ndiwo adaluza pa chiganizo chimenechi, pakuti Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu.

Mbumba ndi nkhoswe pa ndale

Mu 1946 Kamuzu ndi Cullen Young adatulutsa buku la Our African Way of Life, lokhala ndi nkhani za John Kambalame, E. P. Chidzalo ndi J. W. M. Chadangalara. M'mawu oyamba a bukuli adafotokoza za mbumba ndi nkhoswe: kuti akazi onse a mbali ya mayi ndi mbumba ya mwamuna wa m'belelo, ndipo iye ali ndi udindo wowasamala ndi kuwaimira. Zimene adalembazo ndi mwambo wa kwa amayi ake, umene iye mwini adakuliramo.

Atatenga boma, mawu awiriwa adawatulutsa m'mudzi nawaika pa dziko lonse. Amayi onse a m'Malawi adasanduka mbumba ya Kamuzu, iye nadzitcha nkhoswe yawo yoyamba. Amayi ankavala nsalu za nkhope yake n'kumavina pa misonkhano, ena adamangiridwa nyumba, ndipo mu 1985 padakhazikitsidwa bungwe la Chitukuko Cha Amayi m'Malawi. Tsiku la Anakubala, limene lero limakumbukiridwa pa 15 Okutobala, lidayambanso mu ulamuliro wake. Koma unkhoswe wa boma udasiyana ndi wa kumudzi pa chinthu chimodzi chachikulu. Kumudzi nkhoswe ikalephera, amayi a m'bele amatha kuidzudzula, ndipo ndiwo amasankha wolowa ufumu. Mbumba ya Kamuzu idalibe mphamvu imeneyo. Kupita kokavina nthawi zambiri kudali kokakamiza, khadi la chipani linkafunsidwa pa msika ndi pokwera basi, ndipo lamulo la mu 1973 lidaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi.

Mbadwo wawo

Kamuzu sadakwatire, ndipo padalibe mwana amene adamuvomereza poyera kuti ndi wake. Amene amaimira banjali pa miyambo ya boma ndi adzukulu a ku Kasungu, kumene mudzi wa Chiwengo umadziwika kuti ndi kwawo kwa Kamuzu. Ena mwa iwo adalowa ndale: Ken Kandodo adakhala nduna ya zachuma mu 2009, ndipo Khumbize Kandodo Chiponda adasankhidwa kukhala nduna ya zaumoyo mu 2020. Kamuzu adamwalira ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997. Pa mwambo wa Achewa munthu amakagona ku manda a kwa amayi ake, koma iye adaikidwa ku Lilongwe ndi mwambo wa boma, ndipo chiliza chake chidatsegulidwa mu 2006.