Miyendo ya Ingoma ku Mzimba

Ingoma ya ku Mzimba simafuna ng'oma yachikopa. Amayi amaomba m'manja ndi kuyimba, amuna n'kumaponda pansi ndi phazi lonse mpaka fumbi kuti kobo, chishango kumanzere, chibonga kumanja. Kenaka mmodzi amachoka pamzere kukagiya: amalumpha, n'kutera, n'kunjanjanso ngati nthaka yamukankha.

Miyendo yotereyi inachokera kutali. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835, nayenda pansi mpaka ku Ufipa, m'Tanzania ya lero, komwe mfumuyo inamwalira. Mwana wake M'mbelwa ndiye anadzakhazikitsa anthu m'dera la Mzimba m'ma 1850. Nkhondo yawo inali yapafupi, yothamangira mdani ndi mkondo waufupi wobayira, choncho msilikali wolemera miyendo sankakalamba.

Maphunziro ake ankayambira kubusa. Margaret Read, amene anakhala pakati pa Angoni m'ma 1930, analemba kuti mnyamata akangogulula mano aubwana ankachotsedwa kwa amayi ake n'kupita ku laweni, mphala ya anyamata. Usana wonse unkathera kudambo: kuthamangitsa ng'ombe opanda nsapato, kugwetsana, kuponya zibonga ndi kumenyana ndi ndodo. Madzulo, magule kukhola.

Akatswiri a zamasewera lero amafotokoza kuti mtsempha wakuchidendene umagwira ntchito ngati mphira wa legeni. Phazi likagunda pansi umatamuka n'kusunga mphamvu, ndipo umaibweza pamene munthu akunyamuka. Minofu imakula m'masabata ochepa, koma mtsemphawu umakhwima mochedwa, patapita miyezi yambiri. N'chifukwa chake wophunzira karate wopupuluma amayamba kutsimphina. Abusa a ku laweni analibe changu chotero, pakuti ankakhwimitsa miyendo zaka ndi zaka asanagwire chishango.

Nkhondo zinatha, ndipo mu 1904 dziko la M'mbelwa linalowa mu ulamuliro wa Angerezi. Gule sanathe nazo. Donald Fraser, mmishoni amene anatsegula mishoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902, anatsutsa magule ena koma ingoma anailola, ndipo nyimbo zachingoni zinalowa mpaka m'tchalitchi.

Mwezi wa Ogasiti, pamwambo wa Umthetho m'munsi mwa phiri la Hora, magulu a kwa Mzukuzuku, kwa Mabulabo ndi ku Edingeni amakumana pabwalo. Kawirikawiri amene amachititsa amayi nthungululu ndi nkhalamba yaimvi, yoonda miyendo ngati bango, ikamatera ndi kunyamukanso anyamata ali wefuwefu.