Amayi Aulumali pa Ndale ndi pa Nkhani mu Mzinda wa Lilongwe

Pamene likulu la dziko linkasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, nkhani za anthu aulumali zinkayendera lamulo la 1971 lomwe linakhazikitsa bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA. Lamulolo linkaona munthu waulumali ngati woyenera kuthandizidwa ndi kuphunzitsidwa ntchito zamanja. Amayi ambiri ankalozeredwa ku zosoka, zoluka ndi zonyika nsalu. Ntchitozi zinadyetsa mabanja, koma pokonza mfundo za boma amayiwo sankaitanidwa. Mamangidwe a mzindawo sanawaganizirenso: maofesi a ku Capital Hill anali a masitepe, ndipo mtunda wochoka ku Old Town kukafika ku City Centre ndi wautali kwa munthu woyenda pa njinga ya olumala kapena ndi ndodo.

Kunyumba mtolo unkagwera mayi kawiri. Mwana akabadwa ndi ulumali, chala chinkaloza mayi wake, kuti analakwira mwambo kapena analodzedwa, ndipo amuna ena ankangochoka pakhomo. Mtsikana waulumali naye ankayesedwa wosayenera banja kapena uchembere, kotero makolo ambiri sankaona chifukwa chomutumizira kusukulu. Manyuzi ndi wailesi zinkamutchula makamaka pa nyengo ya Khirisimasi, akulandira mphatso kwa akufuna kwabwino. Dzina lotchuka pa nkhaniyo linkakhala la wopereka.

Malamulo oyendetsera dziko a 1994, mu gawo 20, analetsa tsankho lotengera kuti munthu ndi mkazi kapena mwamuna, komanso lotengera ulumali. Mu 1999 mabungwe a anthu aulumali anagwirizana pansi pa FEDOMA, ndipo limodzi mwa iwo linali la amayi, la DIWODE. Amayiwa anadza ndi nkhani zomwe mabungwe a amuna aulumali ndi a amayi opanda ulumali ankazidumpha: mabedi aatali m'zipinda zochilira, kunyozedwa kusikelo, kusowa womasulira chinenero chamanja pamene mayi wosamva akukadandaula za nkhanza.

Mmodzi mwa atsogoleri awo anali Rachel Kachaje, amene anadwala poliyo ali ndi zaka zitatu ndipo anayamba ntchito yolandira matelefoni ku National Bank. Anatsogolera SAFOD, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali kummwera kwa Africa, ndi kuthandiza kuyambitsa bungwe la Disabled Women in Africa. Dziko la Malawi litavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, Nyumba ya Malamulo ku City Centre inakhazikitsa lamulo la ulumali mu 2012. Chaka chotsatira Pulezidenti Joyce Banda anasankha Mayi Kachaje kukhala nduna yoona za anthu aulumali ndi okalamba. Mpandowo sunakhalitse, pakuti zisankho za 2014 zitatha undunawo unaphatikizidwa ndi woona za jenda ndi ana. Mayi Kachaje anamwalira mu 2020.

Kumapeto kwa 2014 kunabuka kubedwa ndi kuphedwa kwa anthu achialubino. Amayi ndi atsikana anali pa chiopsezo chinanso, chifukwa cha bodza loti kugona nawo kumachiza Edzi. Poyamba nkhani zinkangowerenga mitembo ndi manda ofukulidwa. Zinasintha pamene eni ake anayamba kudzilankhulira: mu Marichi 2019 bungwe la anthu achialubino la APAM linaguba mu Lilongwe kulunjika ku Kamuzu Palace, ndipo chaka chomwecho mumzindawu munachitika mpikisano wosankha Mr ndi Miss Albinism. Pambuyo pake Scader Louis, mayi woyenda pa njinga ya olumala, anakhala wapampando wa Malawi Human Rights Commission.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali, ndipo achialubino analipo 134,636. Lamulo la 2013 lofananitsa amuna ndi akazi limati polemba ntchito m'boma mbali iliyonse isachepere 40 pa 100, koma silikhudza mipando ya aphungu. Mu 2024 kunabwera lamulo latsopano lomwe linalowa m'malo mwa malamulo a 1971 ndi 2012, ndipo MACOHA inasanduka MACODA, bungwe lomwe linapatsidwa udindo woonetsetsa kuti ufulu wa anthu aulumali ukutsatidwa.