Mmene kuimika galimoto molakwika kunachokera m'manja mwa makhoti ku London

Mu Seputembala 1960, m'misewu ya London munayamba kuoneka anthu a yunifolomu opanikiza kapepala pa galasi la galimoto yoimikidwa pamalo oletsedwa. Chindapusa chinali mapaundi awiri. Wolipira ankathana nazo pomwepo, koma wokana ankakayankha kwa majisitireti, poti cholakwacho chinali chikadali mlandu wa polisi. Galimoto zitachuluka, apolisi ndi makhoti anatanganidwa ndi timilandu tomwe sitinkayenera n'komwe kudya nthawi yawo. Lamulo la Road Traffic Act la mu 1991 linapereka ntchitoyi kwa makhonsolo, ndipo pofika 1994 makhonsolo onse a mzindawu anali atayamba kuigwira. Chindapusa chinasanduka ngongole wamba, ndipo wolipira pasanathe masiku 14 amalipira theka.

Kusinthaku kunali kwanzeru, ngakhale otsutsa ali ndi mfundo: khonsolo imene ikulemba kapepala ndi yomwenso ikulandira ndalama, ndiye ingalephere bwanji kusaka olakwa? Nkhawayi si yachabe, ndipo oyendetsa galimoto amaidandaulabe. Koma lamulo lomwelo linakhazikitsa oweruza apadera, maloya odziimira paokha, omwe amamva apilo popanda wodandaula kulemba loya, ndipo ndalama zotsala zimaloledwa kugwiritsidwa ntchito pa zinthu zochepa monga misewu ndi mayendedwe. Munthu amene kale akanaima m'khoti chifukwa cha tayala lodutsa mzere wachikasu, lero amangotumiza chithunzi cha chikwangwani chofufutika.