Mtembo Umodzi M'mudzi Wabata

Pa 1 July 1916, tsiku loyamba la nkhondo ya ku Somme m'dziko la France, asilikali a Britain oposa 19,000 anafa dzuwa lisanalowe. Chaka chomwecho ku Torquay, tauni ya m'mbali mwa nyanja kum'mwera kwa England, Agatha Christie ankagwira ntchito yosakaniza mankhwala pa chipatala cha asilikali ovulala, ndipo akapeza mpata ankalemba buku lonena za imfa ya munthu mmodzi yekha, mayi wachikulire wolemera amene anapatsidwa poizoni m'nyumba yake yomwe. Bukulo, The Mysterious Affair at Styles, linatuluka mu 1920, ndipo linali limodzi mwa mabuku amene anatsegula njira ya nkhani zimene ogulitsa mabuku masiku ano amazitcha cozy mystery, kutanthauza nkhani yofufuza wakupha koma yofatsa: mudzi waung'ono, anthu odziwana, magazi osaonetsedwa, ndipo kawirikawiri wofufuzayo sakhala wapolisi. Ambiri amaziona ngati nkhani za anthu amene sanaionepo imfa. Ine ndikuti mbiri yake ikunena zosiyana. Anazilemba ndi kuziwerenga ndi anthu amene imfa inawakwana, ndipo kufatsa kwake anachita kukusankha dala.

Tiyambe ndi olembawo. Christie asanalowe m'chipinda cha mankhwala anali namwino wongodzipereka kuyambira mu 1914, akutsuka zilonda za anyamata obwera kuchokera kunkhondo. Hercule Poirot, wofufuza wake woyamba, ndi munthu wothawa nkhondo wa ku Belgium, ngati amene Christie ankawaona ku Torquay komweko. A. A. Milne, amene dziko limamudziwa chifukwa cha mabuku a ana, anali msilikali ku Somme, ndipo atabwerako anatulutsa The Red House Mystery mu 1922. Dorothy L. Sayers anabweretsa Lord Peter Wimsey mu 1923, bwana wanthabwala amene usiku wina, m'buku loyamba lomwelo, mutu umamusokonekera n'kuyamba kumva mizinga ya kunkhondo ali m'nyumba mwake ku London. Owerenga nawo anali a m'badwo womwewo. Kalembera wa 1921 anapeza kuti ku England ndi Wales akazi anaposa amuna ndi 1.7 miliyoni, ndipo pa chipilala cha ku Thiepval, chimene chinatsegulidwa mu 1932, panalembedwa mayina oposa 72,000 a asilikali amene alibe manda odziwika. Apa ndiye pagona nkhani. Mabanja ambirimbiri analira maliro opanda mtembo, osauzidwa kuti mwana wawo anafa nthawi yanji, anagwera pati, anamupha ndani. Buku lofufuza limatembenuza zonsezi. Mtembo ulipo ndipo dokotala amauyeza; ola limene munthuyo anafa limafunsidwa mobwerezabwereza; aliyense wa m'nyumbamo ayenera kunena kumene anali; pomaliza wakuphayo amatchulidwa dzina, ndipo chifukwa chake chimamveka. Masamba mazana awiri onse amathera pa imfa imodzi, ngakhale ya nkhalamba yovuta imene palibe ankaikonda.

Malamulo amene olembawa anadziikira amaloza komweko. Mu 1929 wansembe wa Katolika, Ronald Knox, analemba malamulo khumi a nkhani zotere: wakuphayo aonekere koyambirira kwa buku, pasakhale za mizimu, pasakhale poizoni wosadziwika kwa akatswiri, wofufuza asatulukire choona mwangozi, ndipo chilichonse chimene wapeza aonetse owerenga. Cha mu 1930 olemba angapo anakhazikitsa bungwe la Detection Club ku London, G. K. Chesterton n'kukhala pulezidenti wake woyamba, ndipo wolowamo ankalumbira kuti sadzabera owerenga. Ena amati zimenezi zikungoonetsa kuti anali masewera, ndagi ya anthu ophunzira, ndipo n'zoona kuti chaka chomwecho nyuzipepala ya The Times inayamba kusindikiza masewera odzaza mawu m'timabokosi. Sindikana kuti anali masewera. Koma taonani chimene malamulowo amaletsa: mwayi, ngozi, mphamvu zosaoneka, zinthu zomwe zija zinkasankha amene afe ndi amene apulumuke m'maenje a kunkhondo. M'bukumo munthu safa chifukwa bomba langomugwera. Wina anafuna kuti afe, ndipo nzeru za munthu wamba zikhoza kumupeza.

Malonda a mabuku nawo anaumba nkhanizi. Buku latsopano linkagula mashiling'i 7 ndi mapeni 6, ndalama imene ambiri sakanataya pa nkhani yowerenga kamodzi, choncho ankabwereka. Masitolo a mankhwala a Boots anali ndi malaibulale obwereketsa mabuku polipira, ganizo la Florence Boot la chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndipo anagwira ntchito mpaka 1966. Wobwereka sabata ndi sabata amafuna munthu amene amudziwa kale, n'chifukwa chake wofufuza mmodzi ankabwerera m'buku ndi buku. Ndipo buku lopita m'nyumba za mabanja silikanadzaza zolaula kapena magazi. Mu 1935 Allen Lane anayambitsa mabuku a Penguin a chikuto chofewa pa mapeni 6, nkhani zofufuza n'kuzipatsa mtundu wobiriwira, ndipo pa mabuku khumi oyamba panali la Christie ndi la Sayers.

Munthu amene akuimira bwino mwambo wonsewu ndi Miss Marple, amene anaonekera koyamba m'nkhani yaifupi mu December 1927, kenako m'buku la The Murder at the Vicarage mu 1930. Ndi gogo wosakwatiwa wa m'mudzi wopeka wa St Mary Mead, woluka majuzi ndi kulima maluwa, mtundu wa mayi amene nyuzipepala za nthawiyo zinkaulemba ngati wotsalira wopanda ntchito. M'nkhani yoyambayo wakhala pamodzi ndi loya, m'busa ndi mkulu wopuma wa apolisi a Scotland Yard, ndipo ndi iye yekha amene amamasula mwambi wa imfa imene akukambirana. Chida chake n'chimene amuna amachinyoza kuti miseche. Akamva za munthu wokayikiridwa amakumbukira wina wa m'mudzi mwake amene anachitapo zofanana, wogulitsa nyama kapena mtsikana wantchito, ndipo kuchokera pamenepo amadziwa chimene munthu wotere angachite. Amene amati mabuku awa amajambula mudzi ngati paradaiso sanamumvetsere gogoyu. Iye amayembekezera zoipa kwa aliyense, ndipo nthawi zambiri amalondola. Wakupha sakhala chigawenga chochokera kutali. Amakhala mwamuna wa m'nyumba, dokotala, mdzukulu woyembekezera chuma cha masiye, munthu amene munamwa naye tiyi dzulo. Mawu oti chakudza sichiyimba ng'oma Miss Marple akanawavomereza, n'kuwonjezera kuti nthawi zambiri chimakhala chafika kale, chakhala pa mpando wa alendo. Ndipo mudziwo sunaime malo amodzi: mu A Murder Is Announced ya 1950, chiwembu chimatheka chifukwa nkhondo yachiwiri inabalalitsa anthu, moti palibenso amene angatsimikize kuti mnansi wake ndi yemwe akudzitchulayo.

Otsutsa analipo, ndipo sanali anthu wamba. Mu 1944 Raymond Chandler wa ku America analemba nkhani yotchuka ya The Simple Art of Murder, momwe anasankha buku la Milne lija n'kulisasula kuonetsa kuti apolisi enieni sangachite zopusa ngati za mmenemo, ndipo anati kupha kuyenera kubwezedwa kwa anthu a m'misewu amene amaphadi. Chaka chotsatira Edmund Wilson, polemba mu The New Yorker, anati mabukuwa ndi olembedwa mofooka ndipo kuwawerenga ndi chizolowezi chongotaya nthawi. Za apolisi Chandler ananena zoona. Koma kuyeza nkhani yotere ndi muyeso wa lipoti la kupolisi kuli ngati kudzudzula nthano ya kalulu chifukwa kalulu salankhula. Komanso sindikhulupirira kuti msewu wamdima wa Los Angeles wa m'mabuku a Chandler ndi woona kuposa chipinda chodyera cha banja: kupha kwambiri kumachitika pakati pa anthu odziwana, pa nkhani za chuma, nsanje ndi mantha. W. H. Auden, amene ankavomera poyera kuti mabukuwa anamulowerera, anafotokoza mu 1948 kuti mtembo umadzidzimutsa kwambiri ukapezeka pamalo abwino, chifukwa pamenepo aliyense amasanduka wokayikiridwa mpaka wolakwa atapezeka. Chitsutso chimene chimandilemera ndi china. Mabuku ambiri a nthawiyo amaonetsa antchito a m'nyumba ngati anthu opanda nzeru, alendo ngati okayikitsa, ndipo limodzi mwa malamulo a Knox limatchula anthu a ku China mwachindunji, umboni wa mmene olemba ankawagwiritsira ntchito ngati zigawenga. Buku la Christie la 1939 limene lero timalidziwa kuti And Then There Were None linatuluka ku Britain ndi dzina lonyoza anthu akuda. Wolemba mabuku Colin Watson anaunika kunyada ndi tsankho limeneli mu 1971, ndipo sindipeza chomuyankha. Chitonthozo cha mabukuwa sichinapangidwire aliyense. Chimene ndinganene n'chakuti chimango chake chinakhala chachikulu kuposa tsankho la eni ake: Alexander McCall Smith, wobadwira ku Bulawayo mu 1948, anachitengera ku Botswana mu 1998 n'kuika Precious Ramotswe, mayi wa Chitswana, pa mpando wa wodziwa anthu uja.

Dzina loti cozy linafala pambuyo pake, makamaka ku America, kumene pulogalamu ya pa TV ya Murder, She Wrote inaonetsedwa kuyambira 1984 mpaka 1996, ndiponso kumene msonkhano wa Malice Domestic unayamba mu 1989 kupereka mphoto za Agatha. Mabuku ena a masiku ano, odzaza amphaka ndi maphikidwe a makeke, anatenga tiyi ndi maluwa n'kusiya kulemera kwa imfa, ndipo pa amenewo chidzudzulo cha Wilson chikugwira. Oyambitsawo sanaiwale kuti pa nthawi yawo Britain inkanyonga opha anthu, ndipo inachita zimenezi mpaka 1964, choncho kutchula dzina la wolakwa kunali kumupereka ku chingwe. Sayers anaziyang'ana maso ndi maso mu Busman's Honeymoon ya 1937, buku lake lomaliza la Wimsey. Mlandu watha, wolakwa wagamulidwa, ndipo Wimsey yemweyo anamupezera loya wabwino womuteteza. Usiku womaliza amapita kundende kukapempha chikhululuko kwa munthu amene anamugwira, koma munthuyo amakana. Bukulo limathera m'chipinda chogona m'bandakucha, ola lonyonga likuyandikira, msilikali wakale uja akulira m'manja mwa mkazi wake.